Angel and Royal ya ku Grantham: mafunso ndi mayankho pa nyumba ya alendo imene inaleredwa ndi msewu

Pakati pa tauni ya Grantham, m'chigawo cha Lincolnshire ku England, pali nyumba yamiyala imene pamwamba pa chipata chake pali mngelo wopakidwa golide atanyamula chisoti chachifumu. Dzina lake ndi Angel and Royal. Oitchukitsa akamaikamba amayambira pa mafumu amene anagonamo, ndipo mafumuwo tiwakamba ndithu. Koma mfumu inkabwera kamodzi pa zaka 100 kapena kuposerapo. Amene ankaika chakudya pamoto m'nyumbayi tsiku ndi tsiku anali akavalo otopa ndi alimi obwera kumsika.

Kodi nyumba ya alendo ya apangolo inali chiyani kwenikweni?

Tingoti inali resiti hausi, depoti ya basi, garaja ndi positi ofesi pamalo amodzi, kungoti m'malo mwa injini munali akavalo. Pachingelezi nyumba yotere amaitcha inn, ndipo inali yosiyana ndi malo wamba omwera mowa. Pamalo omwera mowa munthu ankamwa n'kubwerera kwawo. Pa nyumba ya alendo ankagona, kudya, kusungitsa katundu, ndiponso kupumitsa kapena kusinthitsa akavalo.

Mukaiona kamangidwe simungaiphonye. Kumsewu kuli chipata chachikulu chokhota pamwamba ngati uta, chotalika mokwanira kuti ngolo ilowe pamodzi ndi anthu okhala padenga pake, ngakhale kuti pa zipata zambiri anthuwo ankayenera kuweramitsa mitu. Ukalowa umapeza bwalo lalitali, m'mbali mwake muli zipinda ndi khitchini, kumapeto kuli makola. Angel and Royal ikadali ndi maonekedwe amenewa.

Lamulo la ku England linkamumanga mwini nyumba yotere pa zinthu ziwiri. Sankaloledwa kubweza wapaulendo amene ali ndi ndalama yolipira ngati malo alipo, ndipo katundu wa mlendo akasowa m'nyumbamo mlandu unali wake.

N'chifukwa chiyani inamangidwa ku Grantham osati kwina?

Chifukwa cha msewu. Grantham ili pa Great North Road, msewu wakale wochokera ku London kupita ku York mpaka ku Edinburgh, mtunda wa makilomita pafupifupi 640. Abale a ku Zambia musasokonezeke, dzinali n'lofanana ndi la msewu wanu wopita ku Mpika ndi Nakonde, koma uwu ndi wa ku Britain. Kuchokera ku London kufika ku Grantham ndi makilomita pafupifupi 177. Kumwera kwake kuli tauni ya Stamford, kumpoto kuli Newark kumene msewu umawoloka mtsinje wa Trent.

Msewu wa Aroma wotchedwa Ermine Street sunkadutsa m'Grantham. Unkalambalala chakum'mawa kulunjika ku Lincoln. Patapita zaka, apaulendo opita kumpoto anayamba kupatuka pafupi ndi Colsterworth n'kudzera ku Grantham kuti akawolokere pa mlatho wa ku Newark. Kupatuka kumeneku ndiko kunaibweretsera tauniyi mwayi. Onjezanipo malonda a ubweya wa nkhosa, amene analemeretsa dera lonse la Lincolnshire m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300. Chuma cha ubweyacho mungachione pa tchalitchi cha St Wulfram, chimene nsonga yake imatalika mamita pafupifupi 86. Wapaulendo ankaiona nsongayo ali kutali, n'kudziwa kuti pogona payandikira.

Inayamba liti? N'zoona kuti ndiyo yakale kwambiri mu England?

Mbiri imene eni dera amafotokoza imati malowa anayamba cha m'ma 1203 ngati nyumba yofikira alendo ya gulu la Knights Templar, asilikali achipembedzo amene ankateteza anthu opita ku Yerusalemu. Gululi linalidi ndi minda ndi nyumba mu Lincolnshire, monga ku Temple Bruer, ndipo Papa analithetsa mu 1312. Mbiri yomweyo imati Mfumu John inafikira pano ndi nduna zake mu February 1213, zaka ziwiri isanakakamizidwe kuvomereza Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu. John anali mfumu yosakhazikika pamodzi, ndipo anamwalirira ku Newark, pafupi pomwepa, mu 1216.

Chimene maso angaone lero si cha 1203. Khoma lakutsogolo ndi la kumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Pa chipata pali mitu iwiri yosema imene amati ndi ya Mfumu Edward III, amene analamulira kuyambira 1327 mpaka 1377, ndi mkazi wake Philippa wa ku Hainault. Mbali yakumbuyo inawonjezeredwa m'zaka za m'ma 1700, ngolo zitachuluka.

Za kukhala yakale kuposa zonse, musazitengere pamtima. Ku Nottingham kuli Ye Olde Trip to Jerusalem imene inalemba 1189 pakhoma pake, ku St Albans kuli Ye Olde Fighting Cocks, ndipo iliyonse imati ukulu ndi wake, ngati ana a mitala polimbirana ufumu. Chimene Angel ingadzitame nacho popanda wotsutsa n'chakuti ili m'gulu la nyumba za alendo zochepa kwambiri zimene nkhope yake ya zaka zoposa 500 ikadaimabe pamsewu womwewo, ikugwirabe ntchito yomweyo.

Dzina lakuti Angel and Royal linabwera bwanji?

Mbali yoyamba ndi yakale. Kalelo anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, choncho nyumba za alendo zinkadziwika ndi chithunzi chopachikidwa panja: mngelo, belu, mkango, chisoti. Mngelo chinali chizindikiro chachipembedzo, ndipo nyumba zambiri zakale zinali nacho. Kwa zaka mazana angapo iyi inkangotchedwa Angel basi.

Mawu akuti Royal anawonjezeredwa mu 1866, atafikirapo Prince of Wales, mwana wa Mfumukazi Victoria, amene anadzakhala Mfumu Edward VII mu 1901. Taonani chakacho. Mafumu enieni anagonamo kale dzina osasintha, koma linadzasintha chifukwa cha mwana wa mfumu, pa nthawi imene sitima inali italanda kale apaulendo onse. Ine ndimaona ngati mwini wake ankasaka pogwira. Malonda akamayenda bwino munthu sasintha chikwangwani.

Nanga nkhani ya Richard III ndi yotani?

Iyi ndiyo nkhani yaikulu ya nyumbayi, ndipo ili ndi umboni wolembedwa.

Mfumu Edward IV inamwalira mu April 1483, n'kusiya mwana wa zaka 12 kuti alowe ufumu. Woyang'anira mwanayo anali bambo ake aang'ono, Richard. Pasanathe miyezi itatu, bambo aang'onowo anali atalengeza kuti ukwati wa mkulu wawo sunali wovomerezeka, choncho mwanayo sangalowe ufumu, ndipo pa 6 July anavekedwa okha chisoti. Mwanayo ndi mng'ono wake anasungidwa mu Tower of London, ndipo sanaonekenso. Amene anamuthandiza kwambiri Richard pa zonsezi anali Henry Stafford, Duke of Buckingham.

Pofika October, Buckingham yemweyo anali atagalukira. Richard anamva nkhaniyi ali ku Lincoln. Pa 12 October analembera John Russell, bishopu wa Lincoln amenenso anali nduna yosunga chidindo chachikulu cha ufumu, kuti atumize chidindocho msanga. Pansi pa kalatayo anawonjezera mawu ndi dzanja lake, kumutcha Buckingham cholengedwa chosakhulupirika kuposa zamoyo zonse. Popanda chidindocho malamulo akuluakulu a mfumu sakanakhala ndi mphamvu, ndipo pa nthawi ya nkhondo Richard ankafuna chikhale pafupi naye. Chinamupeza pa 19 October 1483 ali m'chipinda chapamwamba pa Angel ku Grantham. Chipindacho, chimene chili pamwamba pa chipata, mpaka lero chimatchedwa chipinda cha mfumu.

Anthu amakonda kunena kuti m'chipindamo ndimo anasainira chikalata chakuti Buckingham aphedwe. Nkhaniyi imakoma pokamba, koma pa tsikulo Buckingham anali asanagwidwe. Anali kumalire a Wales, kumene mvula yamphamvu inadzaza mtsinje wa Severn moti asilikali ake analephera kuwoloka, n'kuyamba kumuthawa mmodzimmodzi. Anakabisala ku Shropshire kwa munthu wake, yemwe anamupereka. Anadulidwa mutu ku Salisbury pa 2 November. Choncho chimene tinganene molimba mtima n'chakuti kwa masiku ochepa boma la England linkayendetsedwa kuchokera m'chipinda cha nyumba ya alendo.

Richard naye sanakhalitse. Anaphedwa pa nkhondo ya ku Bosworth pa 22 August 1485. Mafupa ake anapezeka mu 2012 pansi pa malo oimikapo magalimoto ku Leicester, ndipo anaikidwanso m'manda mwaulemu mu 2015.

Pali ena otchuka amene anafikirapo?

Mfumu Charles I inaima pano mu 1633 ili pa ulendo wokavekedwa chisoti ku Edinburgh. Patatha zaka 10, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, Oliver Cromwell, mmodzi wa atsogoleri a asilikali olimbana ndi mfumuyo, anapambana nkhondo yaing'ono ya apakavalo kunja kwa Grantham mu May 1643, ndipo eni dera amati nayenso anafikira pa Angel. Cromwell ndi mmodzi wa anthu amene anasaina kuti Charles adulidwe mutu mu 1649. Mwini nyumba ya alendo safunsa kuti muli mbali iti.

Tibwerere ku akavalo. Ankasinthidwa chifukwa chiyani, ndipo kangati?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kavalo wokoka ngolo yolemera mothamanga amatopa akayenda makilomita 16 mpaka 24. Ngolo yoyenda ndi akavalo omwewo ulendo wonse iyenera kuyenda pang'onopang'ono ndi kupuma usiku. Koma ngati pa makilomita 16 alionse pali akavalo ena anayi odikirira, okhuta ndi opuma, ngoloyo ingayende usana ndi usiku. Mtunda wapakati pa malo awiri osinthira unkatchedwa siteji, ndipo mawu amene timatchulira poimira minibasi lero ndi omwewo.

Choncho nyumba za alendo sizinamere mwachisawawa. Zinandandalikana mumsewu motsatira mphamvu za miyendo ya kavalo. Ochita malondawa ankawerengera kuti ngolo yothamanga imafuna kavalo mmodzi pa mailo iliyonse ya njira yake. Taganizani ngolo imodzi yokha yoyenda pakati pa London ndi York, mailosi pafupifupi 200, ndiye muwerengere kuti ngolo zinali zambiri tsiku lililonse. Akavalo onsewo ankafuna khola, msipu wouma, mbewu, madzi, wowapesa, ndi wosula zitsulo wowakhomera zitsulo kuziboda. Ndalama zenizeni za nyumba ngati Angel zinali kumbuyo kumakola, osati kuzipinda zogona.

Ntchitoyi inkawatha akavalo. Pa ngolo zothamanga kavalo ankagwira zaka zitatu kapena zinayi, kenako n'kugulitsidwa kwa alimi. Kumpoto kwa Grantham kuli chitunda cha Gonerby Hill, chimene chinkadziwika kuti n'chimodzi mwa zitunda zovuta pamsewu wonsewo, ndipo nthawi yamatope apaulendo ankatsika n'kukwera wapansi kuti akavalo apepukidwe.

Panalinso malonda ena opindulitsa. Anthu olemera sankakwera ngolo ya aliyense. Ankayenda pa ngolo yawoyawo n'kumabwereka akavalo awiri kapena anayi pa nyumba iliyonse, pamodzi ndi wowakwera amene ankawabweza kwawo akafika pa siteji yotsatira.

Ulendo unkatenga masiku angati?

Mu 1706 ngolo ya pakati pa London ndi York inkalengeza kuti imafika m'masiku anayi, ndipo chilengezocho chinawonjezera kuti ngati Mulungu alola. Sanali mawu ongokometsera. Cha m'ma 1750, ulendo wa ku Edinburgh unkatenga masiku 10 nyengo yotentha ndi 12 nyengo yozizira. Pofika m'ma 1830, ngolo ya makalata inkafika ku Edinburgh m'masiku osakwana awiri.

Chinasintha n'chiyani kuti ufupike chonchi?

Choyamba ndi misewu. Kale mudzi uliwonse unkayenera kukonza chigawo chake cha msewu, ndipo mukudziwa mmene ntchito yopanda mwini imayendera. Mu 1663 nyumba ya malamulo inalola kuika chipata cholipiritsa pa Wadesmill ku Hertfordshire, pamsewu wopita kumpoto womwewu, kuti oyendapo ndiwo azilipira zokonzera. Amene mwadutsapo pa Chingeni kapena pa Kalinyeke mukuidziwa nzeru imeneyi. M'zaka za m'ma 1700 zipata zotere zinafalikira dziko lonse. Kenako kunabwera John Loudon McAdam, amene anaonetsa kuti miyala yoswedwa tizidutswa ting'onoting'ono, yoyalidwa pamsewu wokwera pang'ono pakati kuti madzi azitsetsereka, imalimba kuposa miyala ikuluikulu.

Chachiwiri ndi makalata. John Palmer, mwini nyumba ya zisudzo ku Bath, anatopa ndi kuchedwa kwa makalata amene ankanyamulidwa ndi anyamata apakavalo. Anapempha boma kuti ayese kuwanyamula pa ngolo yothamanga. Pa 2 August 1784 ngolo yake inanyamuka ku Bristol n'kufika ku London m'maola 16, pamene kale zinkatenga maola oposa 30. Patangotha zaka ziwiri njira ya ku Edinburgh inalandira ngolo zoterezi, ndipo zinkadutsa m'Grantham.

Ngolo ya makalata inali ndi ulemu wake. Sinkalipira pachipata. Kumbuyo kwake kunkakhala mlonda wolembedwa ndi positi ofesi, wovala jekete yofiira, ali ndi mfuti, lipenga lalitali ndi wotchi yotsekeredwa m'kabokosi kuti wina asaisinthe. Akayandikira chipata ankaliza lipenga kuti atsegule ngolo isanaime. Akayandikira nyumba ya alendo ankalizanso, ndipo osamalira akavalo ankayenera kukhala ataima kale panja ndi akavalo anayi ovekedwa zingwe. Kusintha kunkatenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Wochedwetsa makalata a mfumu ankaziona.

Ankagwira ntchito m'nyumbamo anali ndani?

Mayina awo sanalembedwe pakhoma, koma ndiwo anali nyumbayo. Panali osamalira akavalo, amene tulo tawo tinali todukizadukiza chifukwa ngolo zina zinkafika pakati pa usiku. Panali okwera akavalo obwereketsa, amene ankatchedwa anyamata ngakhale ena anali ndi imvi. Panali wopukuta nsapato, amenenso ankadzutsa alendo mbandakucha ndi kunyamula katundu. Panali amayi oyala pabedi, otenthetsa zofunda ndi chiwaya cha makala, okweza madzi m'zipinda ndi kutsitsa zonyansa, ophika, ochapa, ndi operekera zakudya. Ambiri malipiro awo anali ochepa kwambiri, ndipo ankadalira kangachepe kochokera kwa alendo. N'chifukwa chake apaulendo a nthawiyo ankadandaula kuti potuluka pa nyumba ya alendo umapeza manja ali mbwee kukudikira.

Mwini nyumba yaikulu sanali munthu wamba m'tauni. Nthawi zambiri ankakhalanso ndi gawo m'kampani ya ngolo, ndipo m'matauni ambiri iye ndiye anali woyang'anira makalata. Mwamuna akamwalira, si zachilendo kuti mkazi wake ankapitiriza malondawo yekha.

Kwa wokwera, ulendo unali wokoma?

Pa zithunzi za pa makadi a Khirisimasi umaoneka wokoma. Kunena zoona unali wozunza. M'kati mwa ngolo ya makalata munkakhala anthu anayi, mawondo akugundana. Ena ankakhala padenga, kulipira pafupifupi theka la mtengo, n'kumalandira mvula, fumbi ndi chisanu cha ku England chimene chimalowa mpaka m'mafupa. Kugona tulo uli padenga kunali kuika moyo pachiswe.

Nthawi ya chakudya inali mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono. Dandaulo lotchuka la apaulendo linali lakuti eni nyumba ena ankachedwetsa dala chakudya, kapena kubweretsa msuzi wotentha moti sungaumwe, kuti lipenga likalira anthu athamangire kungolo atalipira koma asanadye, nyama yomweyo n'kudzaikidwanso patebulo ngolo ina ikafika. Mlendo ndi mame, ndipo ena ankadziwa kuti mame sabwerera kudzadandaula. Ogona ankakumana ndi nsikidzi, ndipo m'zaka zoyambirira kugona bedi limodzi ndi munthu wosamudziwa sichinali chodabwitsa.

Ku Grantham apaulendo ankagulako mabisiketi ouma a kamba wapanjira. Tauniyi mpaka lero imadziwika ndi bisiketi yake yotuwa ya jinja, yamphako m'kati, imene amati inayamba cha m'ma 1740 wophika buledi wina atasokoneza zosakaniza.

Nanga achifwamba apamsewu?

Analipo, makamaka m'malo a tchire pafupi ndi London, ndipo apaulendo ankakayikira antchito ena a m'nyumba za alendo kuti ndiwo ankatsina khutu achifwamba za mlendo amene chikwama chake chikulemera. Wotchuka kwambiri ndi Dick Turpin. Pafupifupi nyumba iliyonse yakale pamsewu umenewu imati anamwerapo, ndipo akanamweradi monsemo sakanapeza nthawi yoba. Nkhani yakuti anathamanga pa kavalo mmodzi kuchokera ku London mpaka ku York usiku umodzi ndi yopeka. Zoona zake n'zakuti anathawira kumpoto, n'kumaba akavalo ku Lincolnshire ndi Yorkshire, ndipo ananyongedwa ku York mu April 1739 pa mlandu woba akavalo. Dzina limene ankabisalirako linali John Palmer, lofanana ndendende ndi la munthu amene anadzayambitsa ngolo za makalata zaka 45 pambuyo pake. Misewu itakonzedwa, alonda amfuti atachuluka, ndiponso anthu atayamba kusunga ndalama kubanki, uchifwamba wotere unazilala.

Msika wa m'tauni unkaithandiza bwanji nyumbayi?

Funso ili ambiri salifunsa, koma ndilo limafotokoza chifukwa chimene nyumbayi ilipobe. Grantham ndi tauni ya msika kuyambira kalekale. Edward IV anaipatsa chikalata chodzilamulira mu 1463, ndipo Richard III anawonjezera china mu 1484. Pabwalo la msika pakadali mtanda wamiyala, ndi kanyumba kotungirapo madzi ka 1597. Msika umachitikabe Loweruka lililonse, ndipo chaka chilichonse m'nyengo ya Lenti misewu ya pakati pa tauni imadzaza ndi chikondwerero cha masewera ndi malonda.

Tsiku la msika, alimi a m'midzi yozungulira ankasiya ngolo ndi akavalo awo m'mabwalo a nyumba za alendo. Ankadya pamodzi chakudya cha mtengo umodzi, ndipo malonda ambiri a tirigu ndi ubweya ankatheka patebulo pomwepo, mlimi atatulutsa kambewu kochepa m'thumba kuti wogula aone. M'matauni otere zipinda zazikulu za nyumba za alendo ndimo munkachitikira misonkhano ya oyang'anira misewu, malonda a minda pa okushoni, madansi, ndi misonkhano ya zisankho. Holo ya tauni yeniyeni inali imeneyo.

Oweta ng'ombe ochokera ku Scotland, opita nazo kumisika ya kumwera, ambiri sankadzera m'tauni. Ankatsata njira yaudzu ya Sewstern Lane chakumadzulo, kuthawa zipata zolipiritsa ndi miyala yopweteka ziboda.

Ndinamva kuti mwini wake wina analipira kuti azilalikira zotsutsa mowa. N'zoona?

Inde, ndipo nkhaniyi imandiseketsa nthawi zonse. Michael Solomon, amene anamwalira mu 1706, analemba mu wilo yake kuti chaka chilichonse pazichoka masheleni 40 pa nyumba ya Angel, olipira mlaliki kuti alalikire motsutsa kuledzera, pa nthawi imene tauni yasankha mtsogoleri wake. Masheleni 40 ndi mapaundi awiri, monga akukumbukira agogo athu amene anagwiritsapo ndalama zimenezi kwacha isanabwere. Kaya chinali chikumbumtima, kaya ankadziwa mmene anthu amamwera pa nthawi ya chisankho, munthuyo anasankha tsiku lake bwino.

Sitima itabwera zinatha bwanji?

Zinatha mwadzidzidzi, malonda ali pachimake. Njanji yochokera ku Nottingham inafika ku Grantham mu 1850, ndipo mu 1852 kampani ya Great Northern Railway inatsegula njanji yaikulu yodutsa m'tauniyi, chaka chomwe siteshoni ya King's Cross inatsegulidwa ku London. Ulendo umene unkatha usiku wonse ndi chigawo cha tsiku unasanduka wa maola ochepa, pa mtengo wotsika, munthu ali pansi pa denga. Makalata anasamukira kusitima. Ngolo zinaima, akavalo anagulitsidwa, ndipo oyendetsa ngolo amene dzulo lake anali ngati mabwana pamsewu anasowa kolowera.

Ochenjera anaona mphepo kumene ikulowera. William Chaplin wa ku London, amene anali ndi akavalo oposa 1,000, anagulitsa zambiri za malonda ake n'kuika ndalama m'njanji, mpaka anadzakhala wapampando wa kampani ya London and South Western Railway. Osamalira akavalo analibe chogulitsa.

Ndiye Angel inapulumuka bwanji?

Nyumba zimene zinafa msanga ndi zimene zinali patchire kapena m'midzi ing'onoing'ono, zongodalira msewu. Zambiri zinasanduka nyumba za mafamu. Angel inali pakati pa tauni imene inali ndi moyo wakewake. Msika sunaleke. Njanji imene inapha ngolo inakulitsanso Grantham, chifukwa fakitale ya Richard Hornsby and Sons yopanga makina aulimi ndi mainjini inalemba anthu ambiri, ndipo ogulitsa katundu oyendayenda ankatsika sitima n'kufuna pogona. Nyengo yozizira kunkabwera olemera odzasaka nkhandwe m'dera la Belvoir. Kenako njinga zinayamba kubweza anthu pamsewu, galimoto n'kutsatira, ndipo m'zaka za m'ma 1920 msewu wakale uja unapatsidwa nambala yakuti A1. Makola anasanduka moimika magalimoto.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anamanga msewu wolambalala tauni, ndipo apaulendo anachokanso kachiwiri. Pofika apo nyumbayi inali itapeza chogulitsa china, ukalamba wake womwewo. Mnzake wa tsidya la msewu, George, hotela yaikulu yanjerwa yomangidwa mu 1780 ngolo zikuchuluka, sinachite mwayi wotere. Nyumbayo ilipo, koma m'kati mwake anasandutsamo mashopu.

Munthu angakaione lero?

Angathe. Ili pa High Street, ndipo boma linaiika m'gulu la Grade I, la nyumba zotetezedwa kwambiri, moti mwini wake sangasinthe khoma kapena zenera popanda chilolezo. Amene muli ku London, sitima yochokera ku King's Cross imafika ku Grantham pakangopitirira ola limodzi. Ochokera ku Nottingham, Leeds kapena Peterborough nakonso sitima zilipo. Ikamayandikira kuchokera kumwera imadutsa pa Stoke Bank, pamene sitima yamalasha ya Mallard inathamanga mailosi 126 pa ola pa 3 July 1938, liwiro limene sitima yamalasha ina iliyonse sinalipitirirebe.

Mukafika, zoona zili pafupipafupi. Pafupi ndi tchalitchi cha St Wulfram pali King's School kumene wasayansi Isaac Newton anaphunzira m'zaka za m'ma 1650, ndipo kwawo ku Woolsthorpe ndi makilomita ochepa chakumwera. Pa North Parade pali nyumba imene munali golosale ya bambo ake a Margaret Thatcher, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Britain, mmene iye anabadwira mu 1925. Pa Castlegate pali malo omwera otchedwa Beehive, amene chikwangwani chake ndi mng'oma weniweni wa njuchi uli mumtengo.

Pa Angel penipeni, imani tsidya lina la msewu kuti muone khoma lonse ndi mazenera a chipinda cha mfumu. Kenako lowani pachipata, muyang'ane m'mwamba pamene pali mitu iwiri ija, mupitirire mpaka kubwalo lakumbuyo. N'lopapatiza kuposa mmene mungaganizire, ndipo woyendetsa ngolo ankalowetsamo akavalo anayi usiku, ndi nyali ziwiri zokha.